Mafunso a Owerenga: Makorali a M'nyanja Yamchere ndi Ife a Kuno Kum'mawa

Makalata a mwezi uno afunsa kwambiri za nyanja yamchere, ngakhale kuti kuno ku Zambia tilibe gombe. Tasankhapo asanu ndi limodzi, ndipo ayankhidwa ndi gulu lathu la odziwa za madzi, nsomba ndi nyengo.

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti mayiko akusonkhana kuti ateteze makorali. Kodi makoraliwo ndi miyala kapena ndi zomera? Nanga ife olima chimanga kumtunda kuno zikutikhudza pati?
Mlimi, Chadiza

YANKHO: Bambo, korali ndi kanyama. Nkofewa, kooneka ngati kathumba kokhala ndi kamwa pamwamba ndi timanja tozungulira kamwapo, ndipo tambiri mwa tinyamati sitikula kuposa njere ya mapira. Kamatenga laimu m'madzi amchere n'kudzimangira chigoba pansi pake. Tinyamati timakhala zikwizikwi pamodzi, ana kumanga pamwamba pa zigoba za makolo, mpaka patapita zaka mazanamazana pamakhala thanthwe. Taganizani za chulu: chiswe nchaching'ono, koma chimene chamanga chimaposa munthu msinkhu. Thanthwe la makorali nalo ndi lamoyo pamwamba pokha, pansi ponse ndi ntchito ya akale.

Kumangako nkwapang'onopang'ono. Makorali anthambi amatha kutalika masentimita 10 pachaka, pomwe obulungira ngati mwala amangowonjezera sentimita imodzi kapena awiri. Matanthwe onse a makorali sakwana ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalira malo amenewa pogona, podya kapena poswana. Thanthwe lathanzi limaphwanyanso mphamvu ya mafunde ndi 97 peresenti asanafike pa midzi ya m'gombe. Apafupi ndi ife ali ku Mozambique, chakumpoto ku Nacala, Pemba ndi zilumba za Quirimbas, ndi chakum'mwera ku Bazaruto, komanso ku Tanzania, kuzungulira Mafia ndi Zanzibar.

Pomwe nkhaniyi ikukhudza munda wanu ndi apa. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, chitawononga mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga. Pasanathe miyezi iwiri, mu April, akatswiri a za nyanja analengeza kuti makorali akuyera, kutanthauza kutaya mtundu wawo chifukwa cha kutentha kwa madzi, m'nyanja zikuluzikulu zonse za kotentha. Zonse ziwirizi zinagwa m'nyengo imodzi ya El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula. El Niño ameneyu anapeza dziko lapansi litatentha kale ndi utsi wa malasha, mafuta ndi nkhalango zotenthedwa. Chinyezi chambiri cha mvula ya kuno chimachokera ku nyanja ya Indian, ndipo nyanja ndiyo imameza kutentha koposa 90 peresenti kumene kwawonjezeka padziko. Korali ndi amene amayamba kusonyeza kuti madziwo apyola muyeso, ndiye mlimi ali ndi chifukwa chotchera khutu akamva za iye.

FUNSO: Ana asukulu amandifunsa chifukwa chake makorali amayera, ndiponso ngati oyerawo ndiye kuti afa. Ndingawafotokozere bwanji ana amene sanaonepo nyanja?
Mphunzitsi wa sayansi, Katete

YANKHO: Aphunzitsi, yambani ndi ndere. M'thupi mwa korali mumakhala tindere tating'ono kwambiri totchedwa zooxanthellae. Tindereti timapanga chakudya pogwiritsa ntchito dzuwa monga amachitira masamba, n'kugawira korali mpaka 90 peresenti ya mphamvu imene amafuna, ndipo ndito timampatsa mtundu. Korali naye amatipatsa pokhala. Nchifukwa chake makorali omanga matanthwe amakhala m'madzi osaya, oyera, ofunda pakati pa madigiri 23 ndi 29.

Madzi akatentha mopyola, tindere timayamba kutulutsa zinthu zopweteka mnofu wa korali, ndipo iye amatilavula. Mnofuwo ndi woonekera ngati galasi, choncho chimene munthu amaona ndi chigoba choyera cha laimu chili mkatimo. Korali woyera sanafe, ali pa njala. Madzi akazizira pakapita milungu yochepa, tindere timabwerera, ngakhale kuti korali amakhala wofooka, sachedwa kugwidwa matenda ndipo amatha kulumpha chaka osabereka. Kutentha kukapitirira amafa, ndere zamtundu wina zimakuta chigobacho, ndipo m'zaka zochepa chimagumuka.

Muyeso wake ana angaumve mosavuta. Bungwe la NOAA la ku America limayeza kutentha kwa pamwamba pa nyanja ndi masetilaiti tsiku ndi tsiku, n'kuyerekeza ndi mmene malowo amatenthera pa mwezi wake wotentha kwambiri. Madzi akaposa pamenepo ndi digiri imodzi kapena kuposa, amayamba kuwerenga madigiriwo kuchulukitsa ndi milungu, kwa milungu 12 yapitayo. Digiri imodzi kwa milungu inayi ndi 4, madigiri awiri kwa milungu iwiri ndi 4 yemweyo. Pa 4 makorali amayamba kuyera, pa 8 ambiri amayamba kufa. Chakumapeto kwa 2023 nyanja inatentha moti NOAA inawonjezera masitepe a chenjezo kuchoka pa awiri kufika pa asanu. Ku gombe la kum'mawa kwa Africa nthawi yoopsa ndi kuyambira February mpaka April, pomwe ife tikukazinga chimanga chachiwisi.

Kuyera kwa dziko lonse lapansi kwachitika kanayi: 1998, 2010, 2014 mpaka 2017, ndi kumene kunayamba mu 2023. Kwachinayiku, pofika March 2025 kutentha koyeretsa kunali kutafika pa 84 peresenti ya matanthwe onse. Kwa 1998 kunapweteka kwambiri nyanja yathu ya Indian, moti ku zilumba zamkati za Seychelles makorali pafupifupi 90 peresenti anafa. Thanthwe limafuna zaka 10 kapena 15 kuti lichire, ndipo vuto la masiku ano ndi lakuti kutentha kukubwerera lisanachire.

Pali ntchito ziwiri zimene mungachite ndi ana popanda kugula chilichonse chodula. Yoyamba, ikani chikamba cha dzira m'kapu ya viniga ndi china m'kapu ya madzi, muone m'mawa mwake. Chikambacho ndi laimu yemweyo wa chigoba cha korali. Koma muwauze anawo zoona: viniga ndi waukali kutalitali kuposa madzi a m'nyanja, amene pH yake, muyeso umene umatsika asidi akachuluka, yangotsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1. Kutsikako sikusungunula thanthwe usiku umodzi, kumangochititsa kuti kumanga chigoba kukhale kovuta. Yachiwiri ndi kawerengedwe kamene osambira pansi pa madzi amatsata m'njira ya Reef Check. Amayala chingwe cha mamita 100, n'kusankhapo zigawo zinayi za mamita 20, ndipo pa theka lililonse la mita amalemba chimene chili pansi pa chingwe, kaya korali wamoyo, wakufa, ndere kapena mchenga. Malo onse amakwana 160. Yalani chingwe chotere kuseri kwa sukulu, ana alembe udzu, masamba kapena dothi lambee, ndipo mubwereze malo omwewo mu October ndi mu March. Kufunika kotsata njira imodzi kudzaoneka pokha ana a magulu awiri akadzayamba kutsutsana pa manambala, ndipo ndi chifukwa chomwecho chimene mayiko anagwirizanira kawerengedwe kofanana.

FUNSO: Pa msonkhano wina anatiuza kuti mapulasitiki amene timataya mu Lunkhwakwa amakapha makorali ku nyanja. Kodi nzoona, kapena amangofuna kutiopseza?
Mayi wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Amayi, njira ya madzi ilipodi, koma nkhaniyo anaikulitsa. Madzi a m'Chipata amakathera mu Luangwa, Luangwa amathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, pomwe panali Feira kale, ndipo akangolowa mu Mozambique amafika m'nyanja ya Cahora Bassa, imene damu lake linatsekedwa mu 1974. M'menemo madzi amadekha, ndipo dothi lambiri limakhazikika pansi. Otsalawo amadutsa pa Tete, kulandira Shire, n'kukalowa m'nyanja yamchere chakufupi ndi Chinde. Pamathiriro pamenepo si malo a makorali, chifukwa madzi ake ndi amatope kuyambira kale. Pali nkhalango za mangrove, mitengo yomera m'madzi amchere, ndi malo osodzako maprawns otchedwa Sofala Bank. Choncho botolo lanu kuti likakole pa korali wa ku Quirimbas nzokayikitsa, ngakhale kuti tizidutswa ta pulasitiki yofumbutuka, tochepera mamilimita asanu, timayenda kutali ndi madzi.

Chimene pulasitikiyo imawononga mosakayikitsa chili pakhomo panu. Imatseka ngalande madzi n'kulowa m'nyumba, ng'ombe ndi mbuzi zikaidya imaundana m'mimba, ndipo kuitentha kumapweteka chifuwa. Lamulo la SI 65 la 2018 linaletsa kale matumba apulasitiki opyapyala kuchepera mamaikironi 30 (mamaikironi 1,000 ndi milimita imodzi).

Kumene mtsinje umathira pafupi ndi thanthwe, ngoziyo ndi yeniyeni. Ku Kenya, matope a mtsinje wa Sabaki akhala akuvutitsa makorali a ku Malindi kwa zaka zambiri. Matope amatchinga dzuwa ndi kukwirira tinyama, pomwe feteleza wokokoloka amanenepetsa ndere zimene zimalanda malo. Kuno dothi lomwelo limadzaza madamu a Lutembwe ndi madimba. Mankhwala ake mukuwadziwa. Akalozera ayezedwe bwino, chifukwa mzere wopendekeka umasonkhanitsa madzi pamalo amodzi n'kubala chigwembe. Vetiva abzalidwe mothithikana, masentimita 10 kapena 15 phando ndi phando, apo ayi madzi amapeza podutsa. Urea akwiriridwe m'kadzenje osati kumwazidwa pamwamba mvula yamkuntho ikubwera. M'mbali mwa mtsinje musiyemo mpata wa bango ndi mitengo wosalimidwa. Mgwirizano woyang'anira madziwa ndi wa ZAMCOM, wa mayiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Zambezi, umene ofesi yake ili ku Harare.

FUNSO: Mapangano a za nyanja ndi ambiri moti ndimasokonezeka. Ndi ati amene ali ndi ntchito yeniyeni, ndipo Zambia ili mu ati? Ine ndimaona ngati akuluakulu amangokadyako ndalama za misonkhano.
Wophunzira wa pa koleji, Petauke

YANKHO: Kudandaula kwanu kuli ndi pogwira, koma yambani mwamva chifukwa chimene dziko limodzi silingasunge thanthwe lake lokha. Makorali ambiri amabereka potulutsira mazira m'madzi, ndipo timphutsi take timayandama masiku kapena milungu tisanakhazikike. M'nyanja ya Indian muli mkokomo wa madzi wochokera kum'mawa umene umadutsa kumpoto kwa Madagascar n'kugawikana chakufupi ndi malire a Mozambique ndi Tanzania, nthambi ina kulowera kumpoto ku Kenya. Mbewu ya thanthwe la ku Kenya imatha kuchokera ku Tanzania. Asodzi ophulitsa mabomba, amene anavutitsa gombe la Tanzania kwa zaka zambiri, ankawononga ndi nkhokwe ya anansi yomwe.

Pangano limene ndi tsinde ndi la malamulo a panyanja, la Law of the Sea la 1982, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1994, ndipo Zambia inalivomereza mu 1983. Limapatsa dziko la m'gombe ulamuliro pa nsomba ndi chuma mpaka makilomita pafupifupi 370 kuchokera kumtunda. Limatsimikiziranso mayiko opanda gombe ufulu wofika ku nyanja, ndipo umenewo ndi mthunzi wa feteleza ndi mafuta athu odzera ku Nacala, Beira ndi Dar es Salaam. Kupyola makilomita amenewo kuli nyanja yopanda mwini, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nyanja yonse. Pangano loiteteza, lotchedwa BBNJ, linagwirizanidwa mu June 2023, ndipo mayiko olivomereza anakwana 60 mu September 2025, kuphatikizapo anzathu a ku Malawi, amenenso alibe nyanja yamchere.

Pangano la dera lathu ndi Nairobi Convention la 1985. Muli Comoros, France, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Seychelles, Somalia, South Africa ndi Tanzania. Zambia mulibe, ngakhale kuti mu 2010 mayikowa anawonjezera gawo lokhudza zonyansa zochokera kumtunda. Ife tikuona kuti pamenepa pali mpata wosatsekedwa, poti oyang'anira mtsinje ndi oyang'anira gombe ayenera kumakhala pa mphasa imodzi. Zambia ilinso mu pangano la zamoyo zosiyanasiyana, limene mu December 2022 ku Montreal linaika cholinga choteteza 30 peresenti ya mtunda ndi nyanja pofika 2030.

Ntchito yooneka kwambiri yachokera ku kuwerenga pamodzi. Bungwe la ICRI, mgwirizano wa mayiko woteteza makorali, linayambitsidwa mu 1994 ndi maboma asanu ndi atatu, ndipo nthambi yake yowerenga makorali ndiyo inapeza kuti pakati pa 2009 ndi 2018 dziko lapansi linataya 14 peresenti ya makorali. Ku Mombasa, ku Kenya, kuli bungwe lofufuza za makorali la CORDIO, limene linayamba mu 1999 pambuyo pa kuyera kwa 1998. Kafukufuku wa 2021 wotsogozedwa ndi David Obura wa bungweli anasonyeza kuti matanthwe onse a kuzambwe kwa nyanja ya Indian ali pangozi yotheratu m'zaka 50. Pa za ndalama, Seychelles inakonzanso ngongole ya madola 21.6 miliyoni molonjeza kuteteza nyanja yake, ndipo mu 2020 inakwanitsa 30 peresenti. Ife a dziko limene linalephera kubweza ngongole mu 2020 tiyenera kuiphunzira bwino njira imeneyi, ubwino wake ndi zomangira zake zomwe.

Zolephera nazo nzambiri. Malo ena ndi otetezedwa papepala pokha, alonda alibe mafuta a boti. Ntchito zina zimafa tsiku limene thandizo la zaka zitatu latha. Zokambirana za pangano la pulasitiki zinatha popanda mgwirizano ku Busan mu 2024 ndi ku Geneva mu 2025. Chachikulu koposa nchakuti palibe mpanda umene ungatchinge madzi otentha. Lipoti la 2018 la IPCC, gulu la akatswiri a zanyengo la United Nations, linati dziko lapansi likatentha ndi madigiri 1.5 kuposa mmene linalili mafakitale asanachuluke, makorali 70 mpaka 90 peresenti adzatha, ndipo pa madigiri awiri adzatha oposa 99 peresenti. Ndiye pangano limene lagwira moyo wa korali ndi la Paris la 2015, lochepetsa utsi. Utsi wa Zambia ndi wochepa poyerekeza ndi wa mayiko amafakitale, ndipo wambiri umachokera ku kudula ndi kutentha nkhalango. Mawu a nthumwi yathu ku misonkhano imeneyo ndi ofunika, malinga ikabwera izifotokoza poyera chimene yakanena ndi chimene yasayina.

FUNSO: Ndimakaoda katundu ku Dar es Salaam. Kumeneko ndimaona zokongoletsera m'nyumba zopangidwa ndi makorali ndi zigoba zikuluzikulu. Kodi ndingabwere nazo kudzagulitsa?
Mayi wa bizinesi, Chipata

YANKHO: Amayi, zisiyeni. Makorali olimba onse, makorali akuda ndi nkhono zikuluzikulu za giant clam zili pa ndandanda yachiwiri ya CITES, pangano lomwe lija limayang'anira malonda a minyanga ya njovu. Kuti zidutse malire pamafunika chilolezo cha dziko limene zachokera, ngakhale korali akhale wouma kale, ndipo risiti ya pamsika si chilolezo. Popanda pepalalo katundu angalandidwe pa Nakonde ndipo mungaimbidwe mlandu. Kuno za CITES zimayendetsedwa ndi Department of National Parks and Wildlife. Korali wobulungira wa kukula ngati mpira wamiyendo anatenga zaka 10 kapena kuposa kuti afike pamenepo.

FUNSO: Mitengo ikatha timabzala ina. Bwanji osangobzala makorali ena? Ndipo kodi asodzi a kumeneko nawo amatsekeredwa ngati ife?
Msodzi wa mu Luangwa, Nyimba

YANKHO: Amabzala, bambo, ndipo nazale yake ili pansi pa madzi. Amatola tizidutswa tothyoka kale ndi mafunde, kapena kudula pang'ono pa korali wathanzi, osaposa gawo limodzi mwa magawo 10. Tizidutswa ta kutalika ngati chala amatipana m'zingwe kapena kutimangirira pa matebulo a zitsulo, pomwe madzi amayenda bwino ndipo mchenga sufika. Mlungu ndi mlungu kapena pakapita milungu iwiri amatsuka ndere ndi burashi ndi kuchotsa nkhono zodya korali. Pakapita miyezi 6 mpaka 12 amakamata pa thanthwe ndi simenti kapena guluu wa m'madzi. Kachidutswa kogwedera sikagwira, kamafa. Kubzala mbewu ya kholo limodzi lokha nkulakwitsanso, poti matenda amodzi amasesa zonse. Kubzala pomwe chimene chinapha oyambawo chikadalipo nkutaya ndalama. Ku Seychelles, pafupi ndi chilumba cha Cousin, anabzala makorali oposa 24,000, koma kutentha kwa 2016 kunapha ambiri. Masiku ano obzala amasankha mbewu pa makorali amene anapirira kutentha. Ntchito zambiri zoterezi sizikwana ndi hekitala imodzi yomwe, pomwe matanthwe owonongeka ndi a makilomita zikwizikwi.

Chimene chimathandiza malo aakulu ndi chomwe mwafunsa kachiwirichi. Pa thanthwe pamakhala nsomba zodya ndere, makamaka za mlomo wonga wa chinkhwe, ndipo ndizo zimapalira kuti ana a korali apeze pokhazikika. Zikatha ndi makoka okokera pansi kapena ndi maneti a udzudzu, thanthwe loyera silichira. Vuto la neti ya udzudzu mukulidziwa bwino mu Luangwa, imakokolola ndi tiana tomwe.

Kutsekera kulipo, ndipo kumene kwapindula kwambiri ndi kumene asodzi anakhazikitsa okha. Mu 2004 mudzi wa Andavadoaka ku Madagascar unatseka gawo limodzi la thanthwe kwa miyezi ingapo kuti octopus, nyama ija ya miyendo isanu ndi itatu, ikule. Nyamayi imakula msanga, moti atatsegula anthu anaona okha kusiyana kwake pa sikelo. Midzi yoyandikana inatengera, n'kupanga dera lotchedwa Velondriake, ndipo asodzi a ku Tanzania, Kenya ndi Mozambique anaphunzira njirayi pochezerana. Kusiyana kwake ndi chiletso chathu cha pa 1 December mpaka kumapeto kwa February nkwakuti iwo amatseka gawo limodzi n'kusiya kwina kotsegula kuti banja lisagone ndi njala, malamulo ndi zilango amapangana pa bwalo, ndipo alonda ndi eni mudzi. Pomwe zimavuta ndi tsiku lotsegula. Alendo akakhamukirapo, phindu la miyezi itatu limatha m'mawa umodzi ndipo amene anadziletsa amagwa ulesi. Choncho gawo lisanatsekedwe, mudzi uyambe wagwirizana za amene adzaloledwe kulowa, kwa masiku angati, ndi yemwe adzaime pa sikelo kulemba makilogalamu.